Mmene mungakonzere ndi kupenta chipinda cha lendi kudziko lachilendo popanda kutaya dipoziti yanu

Anthu ambiri amene akukhala kunja amalowa m'nyumba ya lendi imene makoma ake ndi othimbirira, ali ndi mabowo a misomali ya amene ankakhalamo kale, ndipo m'makona ena muli chuku chakuda. Mtima umafuna kuti malowo aoneke bwino msanga, choncho munthu amagula chitini cha penti ndi burashi n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Pakatha miyezi iwiri chuku chija chimatulukiranso pamwamba pa penti watsopanoyo, ndipo pa tsiku lotuluka m'nyumbamo eninyumba amadula dipoziti ponena kuti khoma linasinthidwa mtundu popanda chilolezo chawo. Ena amafika poboola waya wamagetsi kapena paipi ya madzi pamene ankangofuna kupachika shelefu. Kupenta kwenikweniko si kovuta; zimene zimagwetsa anthu ndi zimene ziyenera kuchitika burashi isanaviikidwe mu penti, ndipo malangizowa akhalitsa pamenepo.

## Zipangizo zofunika

- Mgwirizano wa lendi ndi foni yojambula zithunzi zooneka bwino.
- Tepi yoyezera ndi pensulo.
- Kachipangizo kofufuzira mawaya, mapaipi ndi mitengo yam'kati mwa khoma.
- Kachipangizo koyezera chinyezi cha mumpweya, kotchedwa hygrometer.
- Phala lotsekera mabowo lotchedwa filler, kampeni kophwatalala kopakira phalalo, ndi sandipepa wa nambala 120 ndi 180.
- Ndowa, siponji, nsanza, sopo wotsukira makoma ndi mankhwala ophera chuku.
- Penti woyambira wotchedwa primer, ndi penti wa madzi wopaka makoma am'kati.
- Rola ndi thireyi yake, ndodo yotalikitsira rolayo, ndi burashi ya masentimita 5.
- Tepi ya pepala yomata m'mbali, ndi nsalu zoyala pansi.
- Magolovesi, magalasi oteteza maso, masiki ya FFP2 kapena N95, ndi makwerero aafupi oima okha.

Ngati mwabwera ndi makina oboolera kuchokera kudziko lina, werengani zolembedwa pa makinawo kapena pa tchaja yake musanalumikize kumagetsi. Ku United States ndi ku Canada magetsi a m'nyumba ndi a 120V, ku Japan ndi a 100V, pamene ku Ulaya ndi ku South Africa ndi a 230V. Adaputa imangosintha maonekedwe a pulagi, sisintha mphamvu ya magetsi, moti makina a 120V akalumikizidwa ku 230V amapsa. Tchaja yolembedwa 100–240V ndi imene imagwira ntchito kulikonse. Kumbukiraninso kuti penti wosachedwa kugwira moto ndi thina saloledwa m'katundu wa mundege, ndipo mabatire apadera a lithium amayenera kukhala m'chikwama cham'manja. Makina amene mudzawagwiritse ntchito kamodzi kokha ndi bwino kungowachita hayala.

## Gawo loyamba: mapepala ndi chilolezo

1. Werengani mgwirizano wa lendi wonse. Funani ndime zonena za kupenta, kuboola makoma, ndi mmene nyumba iyenera kuonekera pa tsiku lobweza makiyi. Ngati mgwirizanowo uli m'chinenero chimene simuchidziwa bwino, pezani munthu wochidziwa akuwerengereni ndime zimenezo, chifukwa mawu amodzi okha angasiyanitse chololedwa ndi choletsedwa. Dziwaninso malamulo a dipoziti a dzikolo. Ku England dipoziti ya nyumba zambiri siyenera kupitirira lendi ya masabata asanu, ndipo eninyumba ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezedwa ndi boma pasanathe masiku 30. Ku Germany malire ake ndi lendi ya miyezi itatu osawerengera ndalama za madzi ndi zotenthetsera, ku France ndi lendi ya mwezi umodzi pa nyumba yopanda mipando, ndipo ku South Africa lamulo la Rental Housing Act la 1999 limafuna kuti eninyumba ndi wolowa lendi ayendere nyumbayo limodzi polowa ndi potuluka.

2. Pemphani chilolezo cholembedwa. Tumizani imelo kapena kalata yonena chipinda chimene mukufuna kupenta, mtundu wa penti, ndi mabowo amene mukufuna kuboola, ndipo funsani mwachindunji ngati mudzayenera kubwezeretsa mtundu wakale potuluka. Safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya nyumba ya eni kufunsa kuyenera kusiya umboni.

*Chenjezo:* chilolezo cha pakamwa, ngakhale chochokera kwa eninyumba okoma mtima, sichikutetezani. Nyumba imatha kugulitsidwa, wogwira ntchito ku ofesi yoyang'anira nyumba amatha kusinthidwa, ndipo wobwera kumeneyo adzangoyang'ana zimene zinalembedwa. Samalaninso ndi mitundu yowala kwambiri. Mu 2013 khoti lalikulu la ku Germany linagamula kuti munthu amene analandira nyumba ya makoma a mtundu wofatsa n'kuibweza itapentedwa mitundu yowala ayenera kulipira eninyumba. Mtundu woyera kapena woyandikira koyera ndi umene suputa mkangano, ndipo ngati eninyumba akudziwa nambala ya mtundu umene ulipo kale, monga RAL 9010, iwo akupatseni kuti mugule womwewo.

3. Jambulani chipinda chonse musanakhudze chilichonse. Jambulani khoma lililonse lathunthu masana, kenako muyandikire pa ming'alu, mabowo, madontho a madzi ndi chuku. Tumizani zithunzizo kwa eninyumba pa imelo kuti tsiku lake lilembeke, ndipo muzisunge pamodzi ndi pepala loyendera nyumba limene munasaina polowa. Pepalali ku France limatchedwa état des lieux, ku Germany Übergabeprotokoll, ndipo ndi limene limayang'anidwa poyamba pakabuka mkangano.

## Gawo lachiwiri: dziwani khoma lanu

4. Funsani chaka chimene nyumba inamangidwa. Funso limeneli ndi lofunika kuposa ena onse m'malangizowa, chifukwa likukhudza thanzi la banja lonse. Penti wakale wa m'nyumba zambiri anali ndi mtovu, makamaka wa pa zitseko, mafelemu a mawindo ndi matabwa a m'munsi mwa khoma. Ku United States penti wotere analetsedwa m'nyumba zogonamo mu 1978, ndipo eni nyumba zomangidwa chisanafike chaka chimenecho ayenera kuuza wolowa lendi zimene akudziwa za mtovu m'nyumbamo. Ku France nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1949 imayenera kukhala ndi lipoti la mtovu lophatikizidwa ku mgwirizano wa lendi. Penti wa mtovu akakhala bwinobwino pakhoma savulaza kwenikweni, koma akakhutizidwa ndi sandipepa amasanduka fumbi limene limagwera pansi, pa zidole ndi m'manja mwa ana, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana m'njira yosabwezereka. Mayi woyembekezera ndi ana asakhale pafupi ndi ntchito yotere.

Chinthu chachiwiri ndi asibesitosi, mwala wa tiulusi tosapsa ndi moto, amene ankasakanizidwa mu pulasitala wa manyaganyaga wa kusiling'i, m'matailosi ena a pansi, ndi m'zokutira mapaipi. Dziko la United Kingdom linamuletseratu mu 1999, Australia kumapeto kwa 2003, mayiko a European Union mu 2005, South Africa mu 2008 ndipo Canada mu 2018, kutanthauza kuti nyumba zambirimbiri zimene anthu akukhalamo lero zinamangidwa iye akuloledwabe. Tiulusi take sitioneka ndi maso, timakhazikika m'mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka makumi angapo.

*Chenjezo:* ngati nyumba ndi yakale ndipo palibe amene akukutsimikizirani, musakhute, musapale ndiponso musaboole siling'i ya manyaganyaga. Masiki wamba sakwanira pa asibesitosi. Lemberani eninyumba kuti aitane katswiri adzayeze. Umenewu ndi udindo wawo, ndipo si mwano kuwakumbutsa.

5. Dziwani mtundu wa khoma ndi pamene padutsa mawaya. Gogodani khomalo ndi chala. Likamveka lolimba ndiye kuti ndi la njerwa kapena konkire. Likamveka ngati lamphako ndiye kuti ndi la mabolodi a pulasitala okhomeredwa pa mitengo kapena zitsulo zoimirira. Amene anazolowera makoma a njerwa amadabwa kuona kuti bolodi yotere nthawi zambiri imangokhala mamilimita 12.5 kuchindikala kwake, ndipo kuseri kwake kuli mpata mmene mumadutsa mawaya ndi mapaipi. Mitengo yam'katiyo imatalikirana mainchesi 16 ku United States, omwe ndi pafupifupi masentimita 40, ndipo ku United Kingdom imatalikirana masentimita 40 kapena 60.

Mawaya amayenda molunjika, kukwera, kutsika kapena chopingasa kuchokera pa soketi ndi swichi. Ku United Kingdom amaloledwanso kudutsa m'kati mwa masentimita 15 kuchokera kusiling'i ndi kumakona. Ku Germany amadutsa pakati pa masentimita 15 ndi 45 kuchokera kusiling'i kapena pansi, komanso pakati pa masentimita 10 ndi 30 m'mbali mwa zitseko, mawindo ndi makona. Yendetsani kachipangizo kofufuzira pang'onopang'ono kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo lembani ndi pensulo pamene kalira. M'nyumba zakale mawaya satsata malamulowa nthawi zonse, choncho muyese ngakhale pamalo pooneka ngati palibe kanthu.

6. Pezani gwero la chuku musanachitsuke. Kupenta pamwamba pa chuku kuli ngati kumanga bandeji pa chilonda chosatsukidwa: kwa kanthawi sichioneka, koma chikunyekera m'kati. Chinyezi cha pakhoma chimachokera kumodzi mwa magwero atatu. Choyamba ndi madzi odontha kuchokera ku paipi, kudenga kapena kunyumba ya pamwamba, amene amasiya dontho lofiirira lokhala ndi malire ooneka. Chachiwiri ndi madzi okwera kuchokera munthaka, amene amaoneka m'munsi mwa makoma a nyumba zapansi ndipo amatukumula penti ndi kusiya tinthu toyera ngati mchere. Chachitatu, chimene chimavutitsa kwambiri anthu obwera kumene m'mayiko ozizira, ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo.

Zimachitika motere: nyumba za m'mayiko ozizira zimamangidwa kuti mpweya usalowe ndi kutuluka wokha. Kuphika, kusamba, kupuma ndi kuyanika zovala m'nyumba kumadzaza mpweya ndi nthunzi, ndipo nthunziyo ikakhudza khoma lozizira imasanduka timadontho. N'chifukwa chake chuku chimayambira m'makona a makoma oyang'ana kunja, m'mbali mwa mawindo ndi kuseri kwa makabati. Munthu woopa bilu ya zotenthetsera amatseka mawindo onse n'kuzimitsa hita m'chipinda chogona, ndipo mosadziwa amapatsa chuku zonse zimene chimafuna.

Kuti mudziwe gwero, pukutani khomalo, matanipo kapulasitiki ndi tepi mbali zonse zinayi, ndipo mukasiye kwa masiku awiri. Madzi akaoneka kunja kwa kapulasitikiko, vuto ndi nthunzi ya m'chipinda. Akaoneka pakati pa kapulasitiki ndi khoma, chinyezi chikuchokera m'khomamo ndipo ndi eninyumba amene ayenera kukonza. Ngati vuto ndi nthunzi, yesetsani kuti hygrometer izisonyeza pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Tsegulani mawindo kwathunthu kwa mphindi 5 mpaka 10 kawiri kapena katatu pa tsiku, zomwe n'zabwino kuposa kusiya zenera lotsegula pang'ono tsiku lonse, chifukwa mpweya umasinthika makoma asanazizire. Yatsani fani ya kubafa ndi ya kukhitchini, vindikirani miphika, sunthani mipando italikirane ndi khoma lakunja masentimita 5 mpaka 10, ndipo chipinda chisamazizire kwambiri kutsika pa madigiri 18 a Celsius.

Chuku chochepa mukhoza kuchitsuka nokha mutavala magolovesi, magalasi ndi masiki, zenera lili lotsegula. Bungwe la boma loteteza chilengedwe ku United States, lotchedwa EPA, limalangiza kuti malo osakwana masikweya fiti 10, omwe ndi pafupifupi sikweya mita imodzi, ndi amene munthu angawasamalire yekha. Pakani mankhwalawo, dikirani nthawi yolembedwa pa botolo, pukutani ndi nsanza yonyowa, tayani nsanzayo m'jumbo yomanga, ndipo khomalo liume kwathunthu.

*Chenjezo:* musasakanize bulitchi ndi viniga, amoniya kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa zimatulutsa mpweya wa poizoni. Musapalenso chuku chili chouma, popeza kutero kumamwaza njere zake m'chipinda chonse. Ngati m'nyumba muli khanda kapena munthu wa mphumu ndipo chuku chikubwerabwera, lemberani eninyumba tsiku lomwelo; chuku chimadwalitsa m'chifuwa, ndipo ku England imfa ya mwana wa zaka ziwiri mumzinda wa Rochdale mu 2020 inachititsa kuti akhwimitse malamulo pa nkhaniyi.

## Gawo lachitatu: kukonza ndi kupenta

7. Yezani chipinda kuti mudziwe penti wofunika. Phatikizani utali wa makoma onse, chulukitsani ndi msinkhu wa khoma, kenako chotsani zitseko ndi mawindo. Chipinda cha mamita 4 m'litali, mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.5 kupita m'mwamba chili ndi makoma a masikweya mita 35. Mukachotsa 4 a chitseko ndi zenera pamatsala 31, ndipo popeza mudzapaka kawiri, muwerengere 62. Lita imodzi ya penti wa madzi imakwanira masikweya mita 10 mpaka 12, choncho mufunika pafupifupi malita 6. Kumene amagulitsa m'magaloni, monga ku United States, galoni imodzi ndi malita 3.8 ndipo magaloni awiri akwanira. Gulani penti yense nthawi imodzi, chifukwa zitini zosakanizidwa masiku osiyana zimatha kusiyana mtundu pang'ono.

8. Sankhani tsiku loyenera. Penti wa madzi sauma bwino chipinda chikazizira kutsika pa madigiri 10, ndipo mufunika tsiku limene mungatsegule mawindo. Ganiziraninso anzanu oyandikana nawo. Ku Germany ndi ku Switzerland ntchito yaphokoso monga kuboola siloledwa Lamlungu, pa masiku atchuthi ndi usiku, ndipo nyumba zambiri zosanjikizana kulikonse zimakhala ndi malamulo ake omatidwa pakhomo lolowera.

9. Tetezani chipinda. Tulutsani zimene zingatuluke, sonkhanitsani zotsala pakati n'kuziphimba, yalani nsalu pansi, ndipo matani tepi ya pepala m'mbali mwa mafelemu, masoketi ndi matabwa a m'munsi. Kapeti yodonthetsedwa penti imadyetsa dipoziti kuposa khoma lopentedwa molakwika, choncho nsaluyo ifike mpaka kukhoma ndipo imatidwe kuti isasunthe. Ngati mwaphimba alamu ya utsi, lembani pa chitseko kuti musaiwale kuivundukula madzulo omwewo.

10. Tsukani khoma ndi kutseka mabowo. Tsukani ndi sopo, makamaka pafupi ndi pophikira ndi pa maswichi pamene pamakhala mafuta a m'manja, kenako tsukuluzani ndi madzi oyera. Zulani timapulasitiki ta masikuluwu totsalira m'khoma, chotsani penti wofunduka, ndipo kanikizirani filler m'bowo ndi kampeni. Bowo lakuya litsekedwe kawiri, chifukwa phalalo limafota likamauma. Likauma khutani mopepuka ndi sandipepa wa 120, malizani ndi wa 180, ndipo pukutani fumbi ndi nsanza yonyowa pang'ono. Kuti muone ngati pasalala, unikani khomalo ndi tochi chammbali. Mthunzi umaonetsa chitunda chimene maso sangachione masana.

*Chenjezo:* mng'alu waukulu woyenda mopendekera kuchokera pakona ya chitseko kapena zenera, kapena umene ukukulirakulira, si wotseka ndi filler. Ujambuleni ndi kuuza eninyumba.

11. Pakani primer pamene pakufunika. Pakani pa malo onse amene mwatseka mabowo, apo ayi adzaoneka ngati zigamba penti akauma. Madontho akale a madzi ndi a utsi wa fodya amafuna primer yotsekereza madontho, chifukwa amabwerera ngakhale mutapaka penti wamba kanayi. Ngati penti wakale ndi wonyezimira, myeseni popukuta ndi kansalu koviika mu sipiriti: penti wa madzi amatsalira pa kansaluko, wa mafuta sachoka. Penti wa madzi sagwira pa wa mafuta pokhapokha pakhale primer yoyenera, ndipo kukhuta kuti pakhale pokhakhala kuchitike pokhapo mwatsimikiza kuti mulibe mtovu.

12. Pentani kuyambira m'mwamba. Takasani penti mpaka pansi pa chitini. Yambani ndi siling'i ngati nayo ikupentedwa, kenako makoma, n'kumalizira matabwa. Pa khoma lililonse, yambani ndi burashi kudula mzere wa masentimita 5 mpaka 8 m'makona ndi m'mbali mwa tepi, ndipo nthawi yomweyo, mzerewo usanaume, tengani rola. Iviikeni n'kuigubuduza pa thireyi kuti penti afalikire mofanana, pakani malo a sikweya mita imodzi mokhotakhota, kenako salazani pokoka kuchokera m'mwamba kupita m'munsi mosakanikiza. Mzere uliwonse watsopano ulowe pang'ono mu unzake ukadali wauwisi, ndipo musapumire pakati pa khoma, pumirani pakona. Mukamaliza kupaka koyamba khoma limaoneka la mawangamawanga, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira kubwereza pamalo pamene payamba kuuma, zomwe zimasiya mizere. Lisiyeni. Dikirani nthawi yolembedwa pa chitini, yomwe nthawi zambiri ndi maola awiri mpaka anayi, kenako pakani kachiwiri. Matulani tepi pang'onopang'ono mopendeketsa penti asanaumiretu, kuti isanyamule m'mphepete.

13. Pachikani zinthu penti atalimba. Penti amauma kunja kokha pakatha maola ochepa koma amatenga masabata awiri kapena kuposerapo kuti alimbiretu, choncho musatsamize mipando kapena kumata kanthu msanga. Zithunzi zopepuka zipachikeni ndi timapepala tomata tochotseka. Pa khoma la bolodi, sikuluwu yokha sigwira; imafunika kogwirira kopangidwira mabolodi, ndipo zinthu zolemera monga TV ndi mashelefu a mabuku zikhomeredwe pa mtengo wam'kati. Kulungani tepi pa msomali woboolera posonyeza pamene muyenera kulekezera, ndipo mukamva kuti wagunda chitsulo, siyani pomwepo, chifukwa m'nyumba zina muli timapuleti toteteza mawaya ndi mapaipi. Makabati aatali amangiriridwe kukhoma ngati m'nyumba muli ana. Limeneli ndi bowo loyenera kulipemphera chilolezo ngakhale eninyumba ali ovuta.

*Chenjezo:* musaboole pansi m'nyumba imene imatenthetsedwa ndi mapaipi apansi, ndipo musaboole matailosi a kubafa, chifukwa bowo lake silitsekeka mosaoneka.

14. Tsukani zipangizo ndi kutaya zotsala moyenera. Finyirani penti wa pa rola m'chitini, tsukani burashi ya penti wa madzi ndi sopo, ndipo musathire penti kapena thina m'sinki kapena m'ngalande. Mizinda yambiri ili ndi malo olandirira zinyalala zoopsa, ndipo webusaiti ya khonsolo imanena kumene ali ndi masiku ake. Nsanza zonyowa ndi mafuta opaka matabwa, makamaka a linseed, zimatha kuyaka zokha zikaunjikidwa, choncho ziyanikeni panja motambasula. Sungani penti pang'ono m'botolo lotseka bwino lolembedwa dzina ndi nambala ya mtundu, jambulani chipindacho, ndipo tumizani zithunzi kwa eninyumba pamodzi ndi malisiti ngati munagwirizana kuti adzakubwezerani ndalama.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chachikulu ndi kugwira ntchito ya gasi kapena magetsi chifukwa choti munthu anaphunzirako kwinakwake. Mitundu ya mawaya ndi kalumikizidwe kake zimasiyana dziko ndi dziko: waya wamoto ku Ulaya ndi wabulauni, pamene ku United States nthawi zambiri ndi wakuda. Ku United Kingdom ntchito ya gasi imaloledwa kwa okhawo olembetsedwa ku Gas Safe Register, ndipo kulikonse, moto ukabuka chifukwa cha ntchito yosaloledwa, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

China ndi kubisa vuto limene ndi la eninyumba poopa kuoneka wovuta kapena kuthamangitsidwa. Mantha amenewa ndi omveka kwa mlendo amene anavutika kupeza pokhala, koma paipi yodontha imene sinanenedwe imakula, ndipo pamapeto mlandu umagwera wolowa lendi chifukwa chosanena msanga. Nenani mwaulemu, molemba, ndi chithunzi.

Ambiri amatsekanso timabowo tolowetsa mpweya ta pamawindo ndi pamakoma pofuna kuti m'nyumba mufunde, kapena amatipenta n'kutitseka mosadziwa. Timabowoti tinaikidwa dala, ndipo m'chipinda chokhala ndi chipangizo cha gasi kutitseka kungachititse kuti mudzaze mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene ulibe fungo.

Palinso kugula penti wotchipitsitsa kapena kumuthira madzi ambiri kuti achuluke. Penti wotere amafuna kupaka katatu kapena kanayi, ndipo amachoka mukangopukuta. Kubafa ndi kukhitchini gulani wopangidwira malo achinyezi.

Ena amapenta pamwamba pa pepala lokongoletsera khoma osaliyesa. Pepala lina, monga la Raufaser lofala ku Germany, linapangidwa kuti lizipentedwa, koma lina limatukumuka ndi kumatuka likanyowa. Yesani pakona yobisika ndipo mudikire tsiku limodzi.

Pomaliza pali kutseka mabowo usiku woti mawa mukubweza makiyi, n'kudonthezapo penti watsopano pamalo amenewo pokha. Penti wa pakhoma amasintha mtundu ndi dzuwa ndi fumbi, moti ngakhale wochokera m'chitini chomwecho amaoneka ngati zigamba, ndipo woyendera nyumba amaziona akangolowa. Yambani ntchitoyi kudakali masabata awiri, pentani khoma lonse kuchokera pakona kufika pakona inzake, ndipo pa tsiku loyendera mukhalepo nokha muli ndi zithunzi za tsiku limene munalowa. Eninyumba akafuna kudula ndalama pa zinthu zimene zangotha chifukwa chogwiritsidwa ntchito masiku onse, pemphani kuti alembe chifukwa chake, ndipo mukadandaule kumene lamulo linakhazikitsa: ku England ndi ku bungwe losunga dipozitilo, ndipo ku South Africa ndi ku Rental Housing Tribunal ya chigawo chanu, kumene kudandaula n'kwaulere.